Nyumba Yachiwiri ya Malamulo: Ikadakhalapo, Ikadakhala ya Yani?

Wolemba Mtolankhani Wathu, Mulanje

Pa chisankho cha pa 16 Sepitembala 2025 mtundu wa Amalawi unalankhula momveka za munthu amene ufuna kuti autsogolere, pakuti Pulofesa Arthur Peter Mutharika analandira mavoti oposa 56 mwa mavoti 100 alionse. Koma tikayang'ana m'Nyumba ya Malamulo, imene tsopano ili ndi mipando 229, tiona chinthu china. Palibe chipani chimene chinapeza theka la mipandoyo pachokha, ndipo aphungu oima paokha ndi ochuluka ndithu. Nthawi ndi nthawi, zinthu zikafika potere, timamva mafumu, atsogoleri a mipingo ndi anthu ophunzira akupempha kuti dziko lino likhale ndi nyumba yachiwiri ya malamulo, yotchedwa Seneti, monga m'mene malamulo oyendetsera dziko a 1994 adanenera.

Pempho limeneli ndi lolemekezeka, ndipo ife sitilinyoza. Koma awerengi athu, amene ambiri a iwo ndi aphunzitsi ndi antchito a Boma, ayenera kufunsa funso limene opemphawo kawirikawiri amalilumpha. Kodi Seneti ija ikadakhalapo pa zisankho zonse zapitazi, ndi chipani chiti chikadaigwira m'manja? Yankho la funso limeneli ndilo litiuza ngati nyumba yachiwiri ingatithandize kapena ingangotidyera ndalama. Ife tinena kuti ubwino wa nyumba yotere uli m'kasankhidwe ka anthu okhalamo, ndi kuti kasankhidwe kamene kanalembedwa m'1994 sikangatiyenere lero popanda kukonzedwa.

Nyumba imene inafa isanabadwe

Tiyambe ndi mbiri yake, popeza achinyamata ambiri amene aphunzitsa m'sukulu zathu lero anali asanabadwe pamene izi zinachitika. Amalawi atavomera ndale za zipani zambiri pa riferendamu ya mu Juni 1993, malamulo atsopano oyendetsera dziko anayamba kugwira ntchito mu Meyi 1994. Malamulowo ananena kuti Nyumba ya Malamulo idzakhala ndi zipinda ziwiri: cha aphungu osankhidwa ndi anthu m'madera mwao, ndi cha Seneti. Ntchito ya Seneti inali kulandira mabilu ochokera kwa aphungu, kuwasanthula, kuwavomereza kapena kuwabweza kuti aphungu awaonenso. Inalinso ndi ufulu wokambirana nkhani iliyonse yokhudza dziko, ndiponso inali ndi mawu pa mlandu wochotsa Mtsogoleri wa dziko pa udindo. Pa nkhani ya mabilu mawu otsiriza anatsalabe kwa aphungu. Mphamvu ya Seneti inali yochedwetsa ndi kuchenjeza.

Koma nyumbayi sinakhalepo ngakhale tsiku limodzi. M'1995, pamene malamulo aja anatsimikizidwa, aphungu anagwirizana kuti Seneti isayambe kufikira 1999. Chaka cha 1999 chitafika, panalibe makhansala oti asankhe maseneta, chifukwa chisankho cha makhansala chinachedwa kufikira Novembala 2000. Tsono makhansala atapezeka, ndipo njira itatseguka, aphungu anasintha malamulo mu Januwale 2001 ndi kufafaniza Seneti yonse. Chifukwa chimene Boma la UDF linapereka pa nthawiyo chinali chakuti dziko losauka silingathe kulipirira nyumba ziwiri. Mabungwe ambiri anadandaula, ndipo nkhaniyi inabukanso pa misonkhano younikanso malamulo oyendetsera dziko m'2006 ndi m'2007, koma kufikira lero Malawi ali ndi nyumba imodzi yokha.

Mipando 80 ndi eni ake

Tsopano tione m'mene mipando ya Seneti inagawidwira, pakuti apa ndi pamene pagona nkhani. Maseneta anayenera kukhala 80. M'1994 dziko lino linali ndi maboma 24. Khonsolo ya boma lililonse inayenera kusankha seneta mmodzi mwa voti yachinsinsi. Amenewo ndi 24. Mafumu a boma lililonse anayenera kukumana ndi kusankha mfumu imodzi mwa iwo okha. Amenewonso ndi 24. Otsala 32 anayenera kuimira magulu a anthu: mabungwe a amayi, anthu olumala, a zaumoyo, a zamaphunziro, alimi, amalonda, mabungwe a antchito, zipembedzo, ndi anthu odziwika chifukwa cha kutumikira dziko mokhulupirika. Koma 32 amenewa sanali osankhidwa ndi magulu awowo. Maina awo anayenera kuperekedwa ndi komiti, ndipo owasankha anali maseneta 48 oyamba aja, mwa mavoti okwana magawo awiri mwa atatu.

Aphunzitsi a masamu aona kale chimene chibisala m'mawerengero amenewa. Magawo awiri mwa atatu a 48 ndi 32. Chotero chipani chimene chikadakhala ndi mawu 32 pakati pa oimira makhonsolo ndi mafumu chikadatha kusankha onse 32 otsalawo monga mwa kufuna kwake, ndipo chikadakhala ndi mipando 64 mwa 80. Ndiponso Boma limene likadakopa mitima ya mafumu onse 24 likadangofuna makhonsolo 8 okha kuti lifike pa chiwerengerocho. Mbali inayo, gulu la anthu 17 okha likadatha kukaniza kusankhidwa kwa wina aliyense, ndipo mipando ya amayi, aphunzitsi ndi alimi ikadakhala yopanda anthu kufikira zipani zitamvana. Moyo wa Seneti unamangiriridwanso ku chisankho cha makhansala, ndipo sunayenere kupitirira zaka zitatu. Mwachidule, wogwira makhonsolo ndi mafumu ndiye akadagwira nyumba yonse.

Zimene zisankho 7 zationetsa

Kuyambira 1994 tachita zisankho za aphungu kasanu ndi kawiri, ndipo mbiri yake ndi iyi. M'1994, pa mipando 177, UDF inapeza 85, MCP 56, AFORD 36. M'1999, pa mipando 193, UDF inapeza 93, MCP 66, AFORD 29. M'2004 Dr Bingu wa Mutharika anapambana pa mpando wa Pulezidenti ataimira UDF, koma m'Nyumba ya Malamulo MCP ndiyo inatsogola, UDF nitsalira ndi mipando 49. M'2009 DPP inapeza mipando yoposa 110, ndipo aka ndi kokha kamene chipani chimodzi chinapitirira theka pa tsiku la chisankho. M'2014 DPP inapeza mipando pafupifupi 50, MCP 48, ndipo oima paokha anali 52. M'2019 DPP inapeza 62, MCP 55, oima paokha 55. M'2025 DPP inatsogolanso zipani zonse, koma osafika pa theka.

Tiyeni tsono tiyerekeze Seneti pambali pa chisankho chilichonse. Makhansala akadasankhidwa m'1994, pamene Chigawo cha Kumpoto chinapereka mipando yake yonse kwa AFORD, Chigawo cha Pakati nichitsamira kwa MCP, ndi cha Kum'mwera kwa UDF, palibe chipani chikadakhala ndi makhonsolo okwanira kuti chilamulire chokha. Mafumu ndiwo akadakhala ogamula. Koma chisankho cha makhansala chimene chinachitikadi, cha mu Novembala 2000, chinatuluka mwina. Anthu amene anapita kukavota anali 14 okha mwa 100 alionse olembetsa, ndipo UDF inatenga pafupifupi mipando 7 mwa 10 iliyonse. Seneti yobadwa m'chisankho chimenecho ikadakhala ya UDF kuposa m'mene nyumba ya aphungu inaliri. Ichi n'chodabwitsa m'mbiri yathu: chipani chinafafaniza nyumba imene mwachionekere chikadailamulira.

Anthu ena amanena kuti Seneti ikadaletsa zinthu zothamanga zimene zinachitika m'zaka zimenezo. Nzoona kuti m'chaka chomwecho cha 2001 aphungu anakulitsa Gawo 65 la malamulo, lonena za kusamuka zipani, ndiponso anavota kuti oweruza atatu a Bwalo Lalikulu achotsedwe. Nzoonanso kuti mu Julayi 2002 bilu yochotsa malire a nthawi imene Pulezidenti angalamulire inalephera ndi mavoti atatu okha, itapeza 125 pamene inafuna 128. Koma tifunse mosabisa: kodi Seneti yosankhidwa ndi makhansala a m'2000 ikadadzudzula zimenezi? Amene anaimitsa biluyo anali aphungu eni ake, pamodzi ndi mipingo, mabungwe ndi anthu wamba amene anakana poyera. Nyumba yachiwiri yodzala ndi otsatira a chipani cholamula ikadangowonjezera m'manja woombera.

Zaka za 2005 kufikira 2009 zitiphunzitsa mbali ina. Dr Bingu wa Mutharika atatuluka mu UDF ndi kuyambitsa DPP mu Febuluwale 2005, otsutsa anali ochuluka m'Nyumba ya Malamulo. Anayesa kumuchotsa pa udindo m'chaka chomwecho, ndipo m'2007 ndi m'2008 anakana kukambirana bajeti kufikira Sipikala atagwiritsa ntchito Gawo 65. Antchito a Boma akumbukira nkhawa ya miyezi imeneyo, pamene chaka cha ndalama chinayamba popanda bajeti, ndipo anthu sanadziwe ngati malipiro, mankhwala a m'zipatala ndi feteleza wa alimi zidzafika pa nthawi yake. Pamenepo nyumba ya anthu okhwima, yosamangidwa ku mikangano ya zipani, ikadatha kukhala mkhalapakati. Koma taonani vuto lake: nthawi ya makhansala inatha m'2005, ndipo dziko linakhala lopanda makhansala kufikira Meyi 2014. Popeza Seneti inadalira chisankho cha makhansala, pa zaka 9 zimenezo sipakadakhala oisankha. Pa nthawi yomwe inafunika koposa, nyumbayo ikadakhala yotseka.

Phunziro la ku Mulanje

Kuti nkhaniyi isakhale ya mawerengero okha, tiitengere kwathu kuno ku Mulanje, boma la anthu oposa 680,000 monga mwa kalembera wa 2018. Boma lino, likakonda chipani, limachikonda ndi mtima wonse. M'1994 ndi m'1999 linali la UDF. Kumayambiriro kwa 2001 a Brown Mpinganjira, phungu wa dera la pakati m'boma lino, atasiyana ndi a Bakili Muluzi, anayambitsa gulu la NDA, ndipo m'2004 gululo linapeza mipando kuno. Kuyambira 2009 anthu a kuno akhala akutsata DPP pa zisankho za Pulezidenti. M'zaka 30 boma limodzi lasintha mtima kangapo, ndipo posintha anthu ambiri amasinthira pamodzi.

Khonsolo ya boma lotere imakhala ya chipani chimodzi, pamodzi ndi oima paokha amene ambiri a iwo anachokera m'chipani chomwecho atalephera pa chipulaimale. Tsono khonsoloyo ikauzidwa kuti isankhe seneta mmodzi, idzasankha yani? Idzasankha munthu wa chipani, ndipo nthawi zambiri adzakhala uja amene anagwa pa chisankho cha aphungu nafuna pokhala. Voti yachinsinsi pakati pa anthu owerengeka siibisa kanthu, chifukwa onse adziwana. Chimene chingachitike ku Mulanje chingachitikenso ku Dowa, ku Mangochi ndi ku Rumphi, boma lililonse ndi chipani chake. Motero mipando ya makhonsolo ikadangojambula mapu omwewo a zigawo amene tiwaona kale m'nyumba ya aphungu.

Pali chinthu china chimene olemba malamulo a 1994 sanachione. Kuyambira 2014 timasankha Pulezidenti, aphungu ndi makhansala tsiku limodzi. Munthu amene walowa m'kachipinda kovotera ndi mapepala atatu amachonga onse atatu ndi mtima umodzi. Seneti yosankhidwa ndi makhansala a tsiku limenelo ingakhale mwana wa mphepo yomweyo imene inaomba pa aphungu. Kuwonjezera apo, m'2010 aphungu anapatsidwa voti m'makhonsolo. Ndiye kuti pa lamulo limenelo phungu akadakhala mmodzi wa osankha munthu amene ayenera kukasanthula ntchito ya phunguyo.

Ndiponso chiwerengero cha maboma chasintha. Phalombe anapatuka ku Mulanje m'1998, ndipo Balaka, Likoma ndi Neno anakhalanso maboma paokha, kotero kuti lero maboma ndi 28. Pa kagawidwe kakale boma lililonse latsopano lingabweretse maseneta awiri. Likoma, wa anthu osakwana 15,000 pa kalembera wa 2018, angakhale ndi mawu ofanana ndi a Mulanje. Kulingana kwa maboma kuli ndi ubwino wake, pakuti kumateteza ochepa kwa ochuluka, ndipo abale athu a Kumpoto ali ndi chifukwa chokukondera. Koma kumapatsanso Boma lililonse chiyeso chogawa maboma kuti lichulukitse mipando yake.

Mpando wa mfumu

Tifike tsopano pa mafumu, amene ambiri amawayesa mzati wa Seneti. Palibe wokana kuti mafumu adziwa zinthu zimene aphungu sazidziwa. Kuno ku Mulanje, kumene minda ya tiyi inatenga malo aakulu kuyambira nthawi ya atsamunda ndipo mabanja ambiri alima timinda tating'ono m'mphepete mwa maesiteti, milandu ya malo imayamba ndi kutha pa mabwalo a Mabuka, Chikumbu, Mthiramanja, Nkanda, Juma ndi Njema. Pamene malamulo atsopano a malo anakhazikitsidwa m'2016, mafumu ambiri m'dziko muno anadandaula kuti mphamvu zawo pa malo a makolo zachepetsedwa, ndipo m'2022 aphungu anabwerera ku malamulowo ndi kuwakonza. Pakadakhala nyumba imene mafumu akadalankhuliramo biluyo isanasainidwe, mwina zaka 6 za kukangana zikadafupika. Pamene namondwe wa Freddy anagumula mapiri ndi kukokolola midzi kuno ndi ku Phalombe mu Malichi 2023, amene anadziwa kuti m'nyumba yakuti munagona anthu angati anali anyakwawa ndi magulupu. Mawu a akulu akoma akagonera, ndipo dziko limene silipatsa akulu ake bwalo limadzimana nzeru.

Koma tiyenera kunena zoona zonse. Monga mwa lamulo la mafumu la 1967, Mtsogoleri wa dziko ndiye amavomereza mfumu, amaikweza, ndiponso angathe kuichotsa. Mswahara wa mfumu uchokera ku Boma. Mafumu athu amanena okha kuti amagwira ntchito ndi Boma la tsikulo, ndipo pa ntchito za chitukuko khalidwe limeneli ndi labwino. Koma m'nyumba yosanthula mabilu a Boma, munthu amene mpando wake uli m'manja mwa Boma adzavutika kunena kuti iyayi. Ichi sitichinena ponyoza mfumu iliyonse kapena Boma lililonse. Chili m'kapangidwe ka lamulo lenilenilo, ndipo chakhala chomwecho pansi pa MCP, UDF, PP ndi DPP. Amene akondwera lero kuti mafumu angavotere chipani chawo akumbukire kuti m'2012, m'2014, m'2020 ndi m'2025 Boma linasintha manja.

Za maiko ena

Anansi athu a ku Zimbabwe atipatsa chitsanzo choyenera kuchilingalira, ndipo Amalawi ambiri amene anagwira ntchito kumeneko achidziwa. Iwo anathetsa Seneti yawo m'1989 naibwezeretsa m'2005. Pa chisankho cha 2008 chipani cha ZANU-PF chinataya ulamuliro wa nyumba ya aphungu, ndipo pa mipando 60 ya Seneti yosankhidwa ndi anthu chinapeza 30, otsutsa 30. Koma popeza panalinso mipando ya mafumu 18, ya abwanamkubwa a zigawo ndi ya osankhidwa ndi Pulezidenti, nyumba yachiwiriyo inatsalabe kumbali ya chipani cholamula. Malamulo awo a 2013 anakonza zina: maseneta anakhala 80, ndipo 60 amagawidwa monga mwa mavoti amene chipani chapeza m'chigawo chilichonse, 18 ndi mafumu, awiri aimira anthu olumala. M'2018 ZANU-PF inapeza 35 mwa 60 aja, ndipo m'2023 inapeza 33, otsutsa 27. Kusiyana kwake n'kochepa, koma mafumu 18 akaima mbali imodzi, kusiyanako kumakula.

Ku America kuli njira ina. Kumeneko maseneta ndi 100, awiri m'chigawo chilichonse, ndipo amakhala zaka 6. Koma sasankhidwa onse pamodzi. Pa zaka ziwiri zilizonse gawo limodzi mwa magawo atatu ndilo limapita ku chisankho. Chifukwa cha ichi nyumbayo imasintha pang'onopang'ono. Pambuyo pa chisankho cha 2018 chipani cha Republican chinali ndi 53. Pambuyo pa 2020 zipani ziwiri zinalingana, 50 ndi 50. M'2022 mbali ya Democrat inafika pa 51. M'2024 Republican inabwerera pa 53. Pulezidenti wa kumeneko angapambane ndi mavoti ambiri, koma adzapeza kuti maseneta ochuluka anasankhidwa iye asanabwere. Ife sitinena kuti titengere zonse za Amereka, pakuti nawonso nyumba yawo imaimitsa ntchito za Boma nthawi zina chifukwa cha makani a zipani. Chimene tingatolepo ndi nzeru imodzi yokha, ya kusiyanitsa nthawi ya zisankho za nyumba ziwirizo.

A ku Kenya anathetsa Seneti yawo m'1966 naibwezeretsa ndi malamulo a 2010, kuti iteteze maboma aang'ono ndi ndalama zopita kumeneko. Mu Okutobala 2024 Seneti imeneyo inachotsa Wachiwiri kwa Pulezidenti, a Rigathi Gachagua, atasemphana ndi mtsogoleri wawo. Ena anati chilungamo chachitika, ena anati chipani cholamula chagwiritsa ntchito nyumbayo pothana ndi munthu wake. Ife amene taona Apulezidenti akusemphana ndi achiwiri awo kangapo konse tiyenera kulingalira bwino tisanapereke mpeni wotere kwa nyumba imene sitinadziwe mwini wake.

Maganizo athu

Kodi tsono tinene kuti Seneti isabwerere konse? Iyayi. Mutu umodzi susenza denga, ndipo mbiri imene taiwerenga pamwambapa isonyeza kuti nyumba imodzi ingathe kuthamanga pamene chipani chili ndi mphamvu, ndiponso ingathe kuumitsa khosi pamene chilibe. Mphunzitsi amene malipiro ake adikira bajeti, ndi kalaliki amene ayenera kugwiritsa ntchito lamulo lolembedwa mofulumira, ndiwo amayamba kumva kuwawa kwa zolakwa zimenezi. Diso lachiwiri lifunika. Koma tikalifuna, tiyenera kukonza zinthu zinayi.

Choyamba, maseneta asasankhidwe nthawi imodzi ndi aphungu, ndiponso asasankhidwe onse pamodzi. Theka lisankhidwe pakati pa nyengo ya aphungu, kuti nyumbayo isakhale chithunzi cha tsiku limodzi. Chachiwiri, moyo wa Seneti usamangiriridwe ku makhonsolo okha. Ngati oimira maboma afunika, anthu awasankhe okha, kapena mipando igawidwe monga mwa mavoti a chigawo chonse, kuti wa MCP wa ku Mulanje ndi wa DPP wa ku Kasungu nawonso akhale ndi owalankhulira. Chachitatu, mfumu imene yalowa m'Seneti itetezedwe ndi lamulo, kuti isachotsedwe, isatsitsidwe kapena kukwezedwa pa nthawi imene ili m'nyumbamo, kupatula pa chigamulo cha bwalo la milandu. Chachinayi, oimira aphunzitsi, anamwino, alimi, amalonda, amayi ndi olumala asankhidwe ndi mabungwe awo eni, kuti asakhale mphatso imene andale agawana.

Nkhani ya ndalama, imene inapha Seneti m'2001, siinathe. Aphungu achuluka kuchokera pa 177 kufika pa 193, ndipo tsopano 229, aliyense ndi malipiro ake ndi zina zomuyenera. Pamene sukulu zambiri za m'midzi zisowa zipinda ndi nyumba za aphunzitsi, munthu sangaimirire pamaso pa anthu ndi kupempha mipando ina 80 popanda kufotokoza kumene ndalama zidzachokera. Ngati mtundu ufuna nyumba yachiwiri, ukhale wokonzeka kuichepetsa, kuti ikhale ya anthu ochepa okumana pa nyengo zoikika, kapena kuchepetsa nyumba yoyambayo. Zonse ziwiri sizingakule pamodzi.

Boma limene lilipo tsopano linalandira chikhulupiriro cha anthu m'zigawo zonse, ndipo Mtsogoleri wake ndi katswiri wa malamulo amene anawaphunzitsa zaka zambiri. Ntchito yake yoyamba ndi ya chuma, chakudya ndi mafuta, ndipo palibe wanzeru amene angafune kuti isiyidwe chifukwa cha mkangano wa mipando. Koma kusintha malamulo oyendetsera dziko kufuna magawo awiri mwa atatu a aphungu, ndiwo 153 mwa 229, ndipo palibe chipani chingafike pamenepo chokha. Ichi ndi chinthu chabwino, chifukwa chitanthauza kuti Seneti iliyonse imene ingabadwe m'nyengo ino idzabadwa mwa kumvana kwa zipani, ndipo palibe chimene chingaisoke monga mwa msinkhu wake. Njira yoyenera ndi yakuti nkhaniyi ipite ku bungwe loona za malamulo la Law Commission, limve maganizo a anthu m'maboma onse 28, ndipo libweretse bilu imene Boma ndi otsutsa angaivomere asanadziwe amene adzapambana m'2030.

Kwa inu aphunzitsi ndi antchito a Boma, pempho lathu ndi ili. Anthu a m'midzi amabwera kwa inu kudzafunsa tanthauzo la zinthu zimene amva pa wailesi, ndipo mawu anu amalemera. Lamulo la ntchito yanu likuletsani kuchita ndale za chipani, koma silikuletsani kufotokoza m'mene dziko liyendetsedwera. Wina akadzakuuzani kuti Seneti ibwerere, kapena kuti isabwerere, mufunseni mafunso atatu: adzasankha maseneta ndani, adzawasankha liti, ndipo angawachotse ndani? Ana a m'makalasi apamwamba apatseni samu ija ya 24, 24 ndi 32, aone okha kuti magawo awiri mwa atatu a 48 ndi angati. Fulumira adadya gaga. Tadikira kuyambira 1994, ndipo chaka chimodzi kapena ziwiri za kufunsana modekha sizidzatipweteka monga m'mene ingatipwetekere nyumba yomangidwa mothamanga, imene tingadzafune kuigwetsanso chisankho china chikadzatembenuka.